A Yesaya ndi Bogi Yawo

A Yesaya Kamphinda anayamba ntchito ya kunjanji ali mnyamata, pa siteshoni ya Salima. Sanali woyendetsa sitima, sanalinso kondakitala. Zida zawo zinali tsache ndi chidebe. Sitima ikaima, anthu n'kutsika, iwo ankakwera kukasesa makoko a nzimbe, minga ya nsomba ndi zina zimene ana amasiya kunsi kwa mabenchi. Ikangolira kuti inyamuke, ankadumphira pansi. Mu Salima monse panalibe munthu amene anakwera sitima kambirimbiri ngati iwo, koma ulendo wawo wautali kwambiri unali wochoka pa siteshoni kukafika pa thanki ya madzi.

Sitima zonyamula anthu zitayamba kusowa, ntchito inatha. Tsiku lomaliza bwana wawo, amene anali atamanga kale katundu wake, anawalozera bogi ina ya sitima yomwe inaima payokha kumapeto kwa kanjanji kosagwiranso ntchito, pafupi ndi mitengo ya masawu.

"Yesaya, uziyang'anira iyo. Anthu asagulule zitseko. Tidzabwera kudzaitenga."

"Liti, bwana?"

"Posachedwa."

A Yesaya anali munthu womvera. Mwezi woyamba ankailondera akuchokera kunyumba ya lendi. Mwezi wachiwiri anaona kuti chinthu umachiyang'anira bwino ukamagonamo. Anatenga akazi awo, mayi Violet, ndi khanda lawo Nancy, mphasa, mapoto ndi mbaula, n'kusamukira m'bogi muja.

Mayi Violet sanalowemo akuimba nyimbo. Mu Okutobala bogi inkatentha ngati chiwaya cha tchipisi, mu Juni zitsulo zinkazizira mpaka m'mafupa. A Yesaya anafolera udzu pamwamba pa denga, anamata dothi m'makoma, mawindo ena n'kuwatseka ndi zidina. Mabenchi anawazula. Ena anasanduka bedi, ena khola la nkhuku, otsalawo anathera pamoto chaka china nkhuni zitavuta. Kachimbudzi ka m'bogimo, kamene kanali kabowo koloza panjanji, anakasandutsa mosungira makasu.

Ana ena atatu anabadwira momwemo. Kusukulu anzawo ankawafunsa kuti kodi kwanu mukafika liti. Kutchalitchi banja lonse linkangodziwika kuti a kubogi. Mayi Violet akapsa mtima ankalankhula akupeta mpunga, osayang'ana munthu.

"Anzanga anakwatiwa n'kulowa m'nyumba. Ine ndinakwatiwa n'kukwera sitima. Mpaka lero sindinatsike."

"Amake Nancy, iyi ndi ntchito," ankatero a Yesaya. "Anandisiyira ndi abwana."

Zaka zinapita pafupifupi makumi atatu. Nancy anakwatiwa ku Khombedza, anyamata anabalalika kukasaka maganyu, a Yesaya anamera imvi akumata matayala a njinga za kabaza pansi pa mtengo wa masawu. Mawilo a bogi anali atamira m'dothi, maungu akuyanga pamwamba pake.

Tsiku lina kunabwera galimoto yoyera. Munatsika mayi Stella, mwini loji ina ya ku Senga Bay. Anali atagula bogiyo ngati chitsulo chakutha, ndipo ogulitsawo anawauza kuti mulibe kanthu. Anapeza chinangwa chitayanikidwa pakhomo, nkhuku ikukhalira mazira pamasitepe. A Yesaya anapukuta manja, anamvetsera zonse bwinobwino, kenako anagwedeza mutu.

"Ndiye mwabwera kudzaitenga. Zitseko zonse zilipo, mayi. Mukawauze."

Mayi Stella sanali munthu wouma mtima. Anawamangira nyumba ya njerwa ya zipinda zitatu ku Maganga, kwawo kwa mayi Violet. Tsiku losamuka mayi Violet anasenza dengu lawo n'kutsogola, osacheuka ngakhale kamodzi. A Yesaya anatsalira kuti aone makina akuinyamula bogi ija n'kuikhazika pa thiraki. Anapempha kukweramo. Anakhala pansi, poti mabenchi munalibe, akusuzumira pawindo pamene bogi inkadutsa pamsika, pamilatho, m'minda ya mpunga. Anthu a m'mbali mwa msewu ankaimika manja, iwonso n'kumawabwezera. Bogi yawo ija inawayendetsa koyamba ili pamsewu wa tala.

Cholinga cha mayi Stella chinali choti bogi ibwerere mmene inalili kale, kuti alendo a paloji pawo azigonamo. Ndani wina akanadziwa za kale lake? Anawalemba ntchito a Yesaya. Kwa miyezi ingapo mkuluyo anachotsa ndi manja ake zonse zimene anakonza moyo wake wonse. Anasasula udzu, anagamula dothi, anagwetsa zidina za m'mawindo. Anapala dzimbiri mpaka zala kuchita matuza. Akalipentala anakhoma mabenchi atsopano a mlombwa, kenako n'kumawakwapula ndi tcheni kuti aoneke akale. A Yesaya ankangoyang'ana, akukumbukira mmene akale enieni aja ankayakira bwino.

M'mawa wina mayi Stella anawaitana.

"Madala, makatani a muno anali amtundu wanji?"

"Munalibe makatani, mayi. Iyi inali ya anthu wamba. Munkakwera mbuzi ndi madengu a usipa."

"Alendo sangabwere kuno kudzagona mwa mbuzi. Taganizani bwino."

A Yesaya anaganiza bwino.

"Anali ofiira."

Kuyambira pamenepo mutu wawo unatseguka. Anakumbukira nyali zamkuwa, galasi lalikulu lodziyang'anira, ngakhale kapeti wobiriwira. Chilichonse chimene akumbukira, mawa lake chinkafika kuchokera ku Lilongwe. Kutentha kuja kutabwerera, poti udzu unali utachoka, anaikamo makina oziziritsa.

Ntchito itatha, mayi Stella anawasoketsera a Yesaya yunifolomu ya kondakitala, mabatani onyezimira, chipewa ndi wezulo. Masiku ano amaimirira pakhomo pa bogi kulandira alendo, ndipo chakudya cha m'mawa chikapsa amaliza wezulo. Alendo amajambulitsa nawo zithunzi n'kumawafunsa za maulendo akale. Iwo amafotokoza za Balaka, za Limbe, za mlatho wina wogwedera umene sitima inkawoloka anthu akupemphera. Amafotokoza bwino kwambiri moti ena amapukuta misozi.

Pa tsiku lotsegulira, mayi Stella anatumiza galimoto kukatenga mayi Violet. Anafika atavala chitenje chatsopano. Pakhomo mayi wosamalira zipinda, amene sankawadziwa, anawapempha mwaulemu kuti avule nsapato kuopa kudetsa kapeti. Anavula. Analowa pang'onopang'ono, anagwira katani, anadina matiresi ndi chala, kenako anaima pamene panali bafa loyera la matailosi.

"Apa ndi pamene ndinaberekera Chifundo," anatero. "Mvula inali ikugwa, azamba anachedwa."

Mayi Stella anaomba m'manja pang'ono.

"Nkhani yokoma bwanji, amayi. Tingailembe pakhoma kuti alendo aziwerenga?"

"Ayi."

"Chabwino. Koma lero mugone muno, inu ndi madala. Ndinu alendo athu oyamba."

Mayi Violet anayang'ana bedi lija, anayang'ananso amuna awo ataima chilili ndi chipewa chawo.

"Zikomo, mayi. Mbuzi zanga sindinatsekere."

A Yesaya anawaperekeza mpaka pageti. Mkuluyo amagona kuseri kwa loji, m'kachipinda ka antchito, pamodzi ndi wophika ndi mlonda. Kunyumba ya njerwa ija amangopitako alendo akachepa.

"Mubwera Loweruka, abambo a Nancy?"

"Ngati kulibe anthu. Akuti kukubwera ena ochokera kumalo osungira nyama a Kuti."

"Mukadzabwera mudzatenge utaka wouma. Kwathu kuja wadula."

Mayi Violet anakwera galimoto, nsapato zili m'manja, n'kukavalira m'kati.