Mkuzi Umene Sindinaumangenso

Kwathu kuseri kwa Malomo, pa nkhani ya ubatizo wa ana panali chinthu chimodzi chimene amayi tonse tinkachidziwa koma palibe ankachitchula. Mwana aliyense ankakhala ndi mkuzi m'chiuno, kachingwe kokhala ndi mphinjiri, kamtengo kamankhwala kamene amati kamatchinga matenda ndi anthu oipa mtima. Lamulungu la ubatizo, tikamusambitsa m'mawa, tinkamasula mkuziwo n'kuumanga pa mfundo kunsonga kwa chitenje. Pakhomo la tchalitchi pankaima amayi akuluakulu a mpingo. Ankalandira mwana aliyense, kumuseketsa, kwinaku dzanja likufufuza m'khosi ndi m'chiuno. Akapeza kuti mulibe kanthu ankati, "Lowani, amayi." M'katimo tinkalonjeza mokweza kuti tidzalera anawo podalira Mulungu yekha. Tikatuluka, tisanafike n'komwe pamjigo, tinkakhotera kuseri kwa nthochi ngati tikukasintha thewera, ndipo mkuzi uja unkabwerera pamalo pake. Mulungu tinkamubwereka mwana maola atatu, masiku ena onse n'kusiyira kachingwe.

Ine ndinachita zimenezi kawiri. Mwana wanga woyamba, wamkazi, anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Wachiwiri, wamwamuna, anafika miyezi isanu ndi itatu. Palibe anaimako ndi miyendo yake. Choncho wachitatu atabadwa, mnyamata wa masaya ngati mandasi, sindinasangalale monga asangalalira anzanga. Ndinkangowerenga miyezi ndi mantha, ndipo mwezi wachisanu ndi chitatu ndinkauona ukubwera ngati mvula yamatalala pa fodya.

Amene ankamanga mikuziyo anali amayi anga. Musawaganizire zoipa. Anali mkhristu wa mgonero, ndipo akayamba nyimbo m'tchalitchi, a kutsidya kwa dambo ankadziwa kuti mapemphero ayamba. Kungoti ankakhulupirira kuti Mulungu ali ndi anthu ambiri owayang'anira, ndiye si kulakwa kumuthandizako pang'ono. Amuna anga analibe mawu pa zimenezi. Iwo anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo mkamwini wanzeru satsutsana ndi apongozi ake pa nkhani ya m'chiuno mwa mwana. Ndikawafunsa ankangoti, "Za ana mukuzidziwa ndinu," n'kunyamuka kupita kuchigafa kukaona fodya wawo.

Abusa ankafika kutchalitchi kwathu mwa apo ndi apo, chifukwa anali ndi matchalitchi ambiri m'mapirimu. Atabwera, mwana anali ndi miyezi inayi. Ndinachita monga mwa masiku onse: kumasula, kumanga mfundo, kuvala nkhope ya munthu woyera mtima. Pakhomo ndinakumana ndi mayi wina wachikulire wa zala zopindika ndi nyamakazi, amene anagona nane pa siwa maliro onse awiri aja. Anamufufuza mwana, sanapeze kanthu. Kenako maso ake anatsikira pa mfundo ya chitenje changa n'kukhala pomwepo. Ndinadziwa kuti wadziwa. Ndinayembekezera kuti andibweza pamaso pa anthu, koma anangondibwezera mwana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mfundo imeneyi ikukulemerani, mwana wanga. Lowani."

Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo ndinalowa nditapsa mtima. Ndinkati, gogo ameneyu akudziwapo chiyani, ana ake onse ali moyo. Koma abusa atafunsa funso lija la kulera ana podalira Mulungu yekha, anzanga onse n'kuyankha pamodzi, ine ndinatsalira m'mbuyo. Ndinaona kuti mawu omwewa ndinawanena kawiri ndili ndi bodza kunsonga kwa chitenje, ndipo ana amene ndinawanenera bodzalo onse ali kumanda. Sindikunena kuti anafa chifukwa cha bodza langa, ayi. Chimene chinandipweteka n'chakuti sindinayambe ndamukhulupirirapo Mulungu ngakhale tsiku limodzi lathunthu, koma ndinkamuimba mlandu ngati munthu amene ndinamusungitsa katundu n'kutaya. Ndinayankha mochedwa, ndekhandekha, mpaka anthu ena anatembenuka.

Titatuluka, amayi anga anali atafika kale kuseri kwa nthochi, akundikodola ndi dzanja. Ndinawadutsa. Ndinalowa m'chimbudzi cha tchalitchi, n'kumasula mfundo ija, mkuzi n'kuuponya m'dzenje. Ndikanakonda kunena kuti ndinachita molimba mtima, koma zoona zake n'zakuti ndinasuzumira m'dzenjemo ngati ndingathe kuutolanso.

"Uli kuti?" anafunsa amayi nditatuluka.

"Ndautaya."

"Iwe, manda awiri aja sanakukwane?"

Tinayenda ulendo wonse wokwera phiri osalankhulana, iwo patsogolo, ine pambuyo, amuna anga pakati akukankha njinga ngati munthu woperekeza ng'ombe ziwiri zodana.

Miyezi yotsatira ndi imene ndinaphunzira kupemphera. Kale ndinkadziwa mapemphero a pagulu, aatali, a mawu okometsera. Tsopano ndinalibe nthawi ya zimenezo. Ndikamusambitsa mwana, dzanja likafika m'chiuno mopanda kanthu muja, ndinkangoti, "Ambuye, ndi uyu." Kumjigo, kumunda popalira mtedza, pomuika pansi kuti agone, mawu anali omwewo. Tsiku lina ankangoyetsemula, ine n'kuwanena kakhumi. Amayi anasiya kumunyamula pamaso pa anthu. Amayi ena a m'mudzi akamuona ankati, "Wonenepa bwino," koma ndi mawu amene anthu amanenera mbuzi yoti iphedwa pa Khirisimasi.

Mwezi wachisanu ndi chitatu unafika nthawi yothyola fodya, mvula ili pakati. M'mawa wina mwana anakana bere. Thupi linali moto. Dzuwa lisanakwere anayamba kuuma, maso atatembenuka, timanja titafumbata. Ndinazidziwa zimenezi, ndinali nditaziona kawiri. Maulendo awiri aja tinayamba tadikira, kufukiza mankhwala, kufunsa uku ndi uku kuti walakwa ndani, ndipo kuchipatala tinkafika mochedwa. Ulendo uno ndinathamangira kumunda mwana ali kumsana. Amuna anga anali ndi masamba a fodya odzaza m'manja. Anandiyang'ana kamodzi, n'kuwaponya pansi m'matope momwemo, masamba amene ankawagwira ngati mazira. Anatenga njinga. Pokwera mapiri ankatsika n'kukankha ine ndili pakaliyala, potsetsereka sankagwira mabuleki. Pamtsinje madzi anali m'mawondo, anasenza njinga, ine ndinasenza mwana pamutu.

Kuchipatala anamuyeza n'kupeza malungo aakulu. Anamubaya, n'kumuika dilipi pakadzanja kake. Anamwino anati tachita bwino kubwera msanga, koma nkhope yawo sinandilonjeze kanthu. Mwana anangogona, osalira, osatsegula maso.

Amayi anafika masana, wapansi, matope mpaka m'mawondo. Munthu wamkulu ngati uja anayenda mtunda wonsewo osadya. Anakhala m'mphepete mwa bedi, anayang'ana uku ndi uku, kenako anamasula nsonga ya chitenje chawo. Munali mkuzi watsopano.

"Tukula kamalayako," ananong'ona. "Ndimange msanga anamwino asanabwere."

Ndinayang'ana m'chipindamo. Pafupifupi mwana aliyense pa mabedi enawo anali ndi kachingwe, wina m'khosi, wina padzanja. Palibe akanandiseka. Ndipo ndinkafuna, ndisaname. Dzanja langa linafika mpaka pa kamalaya. Mumtima munkabwera mawu akuti, ukakana, mwana n'kufa, mudzi wonse udzati wamupha ndiwe, ndipo iwenso udzavomereza mpaka tsiku la imfa yako.

"Iyayi, amayi."

"Mwana wanga, ndakugwira mwendo. Tangomanga lero lokha. Akachira udzachotsa."

Apa mtima wanga uja unanditsogolera. "Awiri aja anapita nayo mikuzi yanu kumanda. Inawathandiza chiyani?"

Amayi anakhala ngati ndawamenya mbama. Anabweza dzanja pang'onopang'ono, misozi ikutsika, osapukuta. Mpaka lero mawu amenewo ndimawamvera chisoni. Anali oona, koma ndinawaponya ngati mwala kwa munthu amene anasambitsa ndi manja ake mitembo iwiri ya zidzukulu zake. Iwonso ankachita mantha ngati ine, kungoti mantha awo anali ndi chogwira m'manja.

Ndinatuluka, n'kukaima kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, pamene panali mulu wa nkhuni zonyowa. Pemphero limene ndinapemphera pamenepo silikanaloledwa m'tchalitchi. Ndinayamba ndi kukalipa. Ndinati, "Mwanditengera awiri. Uyu ndamusiya m'manja mwanu poyera, anthu akuona. Mukufuna kundichititsa manyazi?" Ndinalira mpaka mawu anatha. Kenako, popeza panalibenso chonena, ndinanena chimene ndinkachizemba miyezi inayi yonse. Ndinati, "Ndi wanu. Akakhala moyo ndi wanu, akapita ndi wanu, ndipo awiri ajanso ali kwa inu. Ine sindibwereranso ku chingwe."

Palibe chinachitika choti munthu angaone. Utsi unkatuluka m'khitchini, mayi wina ankakangana ndi mnzake za poto. Koma mtima wanga, umene unali m'mwamba kuyambira tsiku limene ndinaika mwana woyamba, unakhala pansi. Mwana anali asanachire, ndipo sindinkadziwa ngati achira. Ndinabwerera m'chipinda muja, ndinagwada pafupi ndi amayi, ndinati andikhululukire kalankhulidwe kanga. Iwo anasendera kuti ndikhale.

Mawa lake dzuwa lili pamutu, ndikumupukuta kumaso ndi kansalu konyowa, anatsegula maso. Anandiyang'ana ngati munthu amene wamudzutsa pa tulo tabwino, anakwinya nkhope, n'kulira. Kulira kwake kunali konyansa, kokalipa, kwa munthu wanjala. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero. Nditamupatsa bere analigwira ndi dzanja la dilipi lomwelo, mpaka anamwino anabwera kudzamugwira kuti singano isachoke. Amuna anga, amene anali atakhala panja pa khonde chifikireni, analowa, anaona, n'kutulukanso msangamsanga. Ndinawaona pawindo atatsamira mtengo, chipewa chili kumaso.

Tinatuluka patapita masiku anayi. Za mkuzi watsopano uja sindinafunse, ndipo amayi sanautchulenso. Kunyumba tinapeza fodya wina atapsa m'munda chifukwa chochedwa kuthyola, koma bambo a mwana sanadandaule ngakhale kamodzi.

Mwezi wotsatira linafika tsiku la sikelo. Alangizi a zaumoyo ankapachika sikelo yawo pa nthambi ya mtengo wa mango pafupi ndi sukulu, ndipo amayi a midzi yonse yozungulira tinkakhala pamzere. Alangizi athuwo sankalola zovala zambiri poyeza, ankati tikuyeza mwana, osati malaya. Ndiye pasikelo m'pamene chinsinsi cha m'chiuno mwa mwana aliyense chinkaonekera. Tsiku limenelo amayi anati andiperekeza, ndipo mwana anabereka ndi iwo, koyamba chichokereni ku ubatizo kuja.

Nthawi yathu itakwana anamuvula okha. Anamupereka ali mbulanda, miyezi isanu ndi inayi, akuponda mphepo ndi miyendo yonse iwiri. Ine ndinali ndisanakhalepo ndi mwana wa miyezi isanu ndi inayi. Alangizi anawerenga sikelo, analemba m'kabuku, n'kunena kuti, "Ameneyu wadwala posachedwa? Sakuoneka." Pamzere panayamba manong'onong'o. Mayi wina wa mudzi woyandikana nawo, mnzawo wa amayi wa kalekale, anawakoka chitenje.

"Anzanga, mdzukulu wanu akuyenda chonchi, wopanda kanthu? Pakhomo pamene panagwa zija? Inu muli pomwepo?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo mukundidziwa kale mmene ndikanayankhira. Koma amayi ananditsogolera. Anamuchotsa mwana pasikelo, ndipo m'malo momufunditsa anamukweza m'mwamba, n'kumutembenuza kuti mzere wonse uone bwino, kutsogolo ndi kumbuyo. Analankhula ndi mawu awo a m'tchalitchi aja, omveka kutsidya kwa dambo.

"Muoneni bwinobwino, musachite kuba ndi maso. Mulibe kanthu m'chiunomu. Ine ndinamanga awiri ndi manja angawa, ndipo ndinawaika m'manda. Uyu sindinamange. Ali ndi Mwini wake."

Amayi anandipatsa mwana, n'kunena motsitsa kuti ine ndekha ndimve, "Um'veke, angazizidwe."