Mapeyala a atate ku Katondo

Atate anabzala mitengo iwiri ya mapeyala kuseri kwa nyumba yathu ku Katondo chaka chomwe maso awo anayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti sadzachira. Tsono mtengo wa peyala suthamanga, umatha zaka uli masamba okhaokha. Iwo ankafuna chinthu chimodzi basi: kuona zipatso zake maso asanatsekeke.

Aphungu ndiye anachuluka! Aneba athu, mayi a pakamwa ngati wailesi, ankafuula pampanda kuti, "Khomani misomali pathunthupo, muutemeteme ndi chikwanje. Mtengo ukamva kuwawa ndiye ubala!" Kunena zoona anthu ambiri kwathu amachita zimenezo. Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinafika pokatenga hamala.

"Bweza chimenecho," anatero atate. "Iwe ndinakukhoma misomali kuti ukule?"

Iwo njira yawo inali kudyetsa. Ankapalasa njinga mpaka ku Ngungu kukatenga zitosi za nkhuku, n'kuzisiya ziwole kaye, chifukwa zaziwisi zimawotcha mizu. Mvula yoyamba ikagwa ankakumba kangalande kozungulira, osati patsinde ayi, koma pomwe pathera nthambi. Ankati pakamwa pa mtengo ndi pamenepo. Feteleza ankangowaza pang'ono ngati mchere wa m'ndiwo, n'kuphimba ndi udzu.

Maso atafooka njinga anaisiya, zitosi n'kumakatenga ine. Koma khasu sanandipatse. Ankakweza dzanja kugwira nsonga za nthambi, n'kumazungulira pang'onopang'ono, phazi likulemba mzere pansi. Abale inu, mzerewo unkatuluka bwino kuposa wa ife openya. Ndinkaima pakhomo kuwayang'ana, mtima ukunyadira koma ukuwawa.

Mitengo inabereka msanga ndithu, moti aneba aja pakamwa panauma. Koma inapeza atate atasiya kale kuona ngakhale dzuwa. Ndinakwiya koopsa, osadziwa wokwiyira, ndipo ndinalira ngati mwana.

"Ukulira maliro a ndani? Ndigwire dzanja, tiye," anatero.

Ndinawafikitsa pansi pa mtengo n'kuika chikhatho chawo pa peyala limodzi. Analisisita, analiyeza kulemera, analinunkhiza.

"Likunyezimira, eti?"

"Eya, atate."

"Ndiye silinakhwime. Ukaona khungu lazilala, udzandiuze. Maso anga tsopano ndiwe."