Mikangala ya Talandira

Pakomboni ya famu ina kufupi ndi Mvurwi pali mkulu wina wokonza mabalani a fodya. Salankhula zambiri. Chinthu chikawonongeka amachiyeza ndi chikhatho, n'kungoti, "Apa pakusowa mtengo umodzi basi."

Ndiye anazika mikangala, mitengo yoyanikapo fodya, mizere iwiri kuseri kwa nyumba ya Lestina, monga anaonera kuchipatala, kuti Talandira, mwana wa mayiyo, amene miyendo yake ndi youma chibadwire, azigwirira pophunzira kuyenda. A mafizo, akuchipatala olimbitsa miyendo, amafika kuno mwa apo ndi apo, ndiye mitengoyo ndi imene yakhala dokotala. Chaka chilichonse fodya akatha, mkuluyo amabwera kudzaikweza, poti mwana akutalika.

Chaka chino Lestina anamuletsa. "Sekuru, musavutike. Walemera mwanayu, sindithanso kumunyamula kufika naye panja pano."

Mkuluyo anayenda kuchoka pakhomo kufika pamitengo, akuwerenga mapazi. Lestina anadikira mawu aja a mtengo umodzi, koma sanamveke. Anangoona mkuluyo akuzula mikangala yonse, n'kukaizika m'nyumba, pambali pa mphasa ya Talandira, pamene dzuwa silifika.