Nachidindo Ayanika Maliro a Achimwene Ake

Dzina loti Nachidindo anamupatsa ndi achimwene ake. Makolo awo atamwalira iye akadali kamwana, achimwenewo ndiwo anamulera ndi ntchito yawo yopala matabwa. Tsiku lina anamupeza atasema duwa pa chidendene cha nsapato yakutha, n'kulipaka mwaye, n'kudinda khoma lonse la kuchipinda. Wina akanathyola mkwapulo. Iwo anangopita kukadula timitengo, n'kumumatirapo timphira tosemasema kuti azigwira bwino podinda. Tebulo limene amagwirirapo ntchito mpaka lero anakhoma ndi iwowo. Chidindo chilichonse chatsopano ankayamba kuonetsa iwo, ndipo akanena kuti "mlongo wanga ali ndi manja," tsiku limenelo ankayenda ngati wavala nsapato zatsopano. Mawu a anthu ena onse analibe nawo ntchito.

Choona chinenedwe, ntchito ankaidziwa. M'kachipinda kake kuseri kwa nyumba munali mashelefu odzaza zidindo, chilichonse pamalo pake: maluwa, mitima, nyenyezi, mabelu, nkhunda, timapazi ta khanda. Ankagunditsa chidindo pa kansalu ka inki mopepuka, n'kuchiuzira mpweya, n'kuchitsindika ndi chikhatho osachigwedeza. Chikachoka, duwa linkatsala pa pepala lopanda chilema. Ankapanga makhadi a ukwati, a tsiku lobadwa, timapepala tomangirira pa mphatso, ndi nyenyezi zolendewera za pa Khirisimasi. Popeza inki imachedwa kuuma pa pepala losalala, anamanga zingwe kuchoka khoma ili kukafika lija, ndipo makhadi ankawayanika ngati matewera.

Lamulo lake linali limodzi: ntchito isakupeze, uipeze ndiwe. Za Khirisimasi ankadinda anthu asanayambe n'komwe kuziganizira. Mnyamata akangoyamba kuperekeza mtsikana kumsika, iye anali atadula kale mapepala a ukwati. Mkazi wa pafupi akayamba kulavulalavula, timapazi ta khanda tinali kale pa chingwe. Ankadzitama nazo kwa aliyense wogula, kuti iye chinthu sichimudzidzimutsa.

Vuto linali lakuti mayi ameneyu ankayesa khadi ndi miyendo. Mnzake akagonekedwa m'chipatala, ankatumiza khadi. Kwa aneba kukagwa zovuta, khadi. Mwana wa mng'ono wa mwamuna wake atathyoka mwendo, khadi la nyenyezi zitatu ndi riboni. Ankati munthu amabwera n'kupita, koma khadi limakhala. Anthu ankalandira, n'kuyamikira, n'kukupizira nalo moto. Azimayi a mumsewumo ankaseka kuti ukafuna kuona nkhope ya Nachidindo usadwale, koma upite ndi oda.

Wonyamula makhadiwo anali mwamuna wake, munthu wosalankhulalankhula, woyendetsa galimoto ya buledi. Iyeyo ndiye ankalowa m'nyumba za odwala, kukhala pansi, kufunsa mmene agonera, envulopu ili m'manja ngati chiphaso cholowera.

Kenaka achimwene aja anadwala chifuwa. Fumbi la matabwa la zaka zonsezo linawapeza. Atawagoneka, mkazi wawo anaimba foni kuti mlamu bwerani, akukufunsani. Nachidindo anati abwera mawa, ndipo anatumiza khadi la mpendadzuwa. Mawa lake kunali oda ya ukwati. Mkuja anati fungo la m'chipatala limamuchititsa nseru. Mumtima ankadziwa chimene ankaopa: kukaona manja amene anamulera atasanduka timitengo pa bulangete. Koma mantha amenewo aliyense amakhala nawo, ndipo ena amapitabe. Iye anatumiza khadi lachiwiri, lalikulu kuposa loyamba, lothira fumbi lonyezimira.

Sabata ina alamu ake anaimbanso kuti madokotala akungopukusa mitu. Nachidindo analira, ndipo misozi yake inali yeniyeni. Atapukuta m'maso sanafunefune nsapato ayi. Anafunafuna sizasi.

Anaganiza motere: tsikulo likafika banja lidzasokonezeka, ndipo padzafunika chothokozera anthu obwera. Inki yasiliva pa pepala lakuda imatenga masiku kuti iume. Nanga anthu adzati chiyani, mchimwene wa Nachidindo kuikidwa popanda ngakhale kapepala? Anasema chidindo chatsopano, sowo ndi nyundo zopingasana, ndipo anachisema bwino kuposa chilichonse chimene anasemapo. Pamwamba anadinda nkhunda. Pakati anadinda mawu akuti, "Banja likuthokoza kuti munabwera kudzakhala nafe pa nthawi yovuta." Pansi penipeni, "Usani mumtendere, mmisiri wathu," ndi kampata kodzalembapo tsiku.

Mwamuna wake atasuzumira m'kachipindamo n'kuona zingwe zonse zakuda bii, anaima pakhomo n'kumufunsa.

"Munthu akupuma, iwe wayanika kale maliro ake?"

"Inu mukudziwapo chiyani za inki? Buledi amauma yekha, izi n'zina."

Bamboyo anatenga makiyi n'kupita kuchipatala, kumene ankapita madzulo alionse akaweruka.

Koma achimwene aja sanafe. Anayamba kumwa phala, kenaka kukhala tsonga, kenaka kukalipira anamwino kuti mwendo wa bedi ukugwedera ndipo amene anaukhoma ndi wakuba. Tsiku lowatulutsa, mwamuna wa Nachidindo anapita kukawatenga pa galimoto ya buledi, iwo ndi mkazi wawo. Ali m'njira, mkuluyo anati asapite kaye kunyumba. Masiku onsewo iwo ankauza mkazi wawo kuti mlongo wawo sangalephere kubwera popanda chifukwa, ayenera kuti nayenso akudwala ndipo anthu akuwabisira. Ankafuna akamuone ndi maso awo. Woyendetsayo akanatha kuimba foni. Akanatha kunena kuti msewu ndi woipa. Anangokhota.

Nachidindo anali akudinda timitima pa timapepala ta mphatso pamene anamva ndodo ikugogoda pa simenti, ndi chifuwa chimene ankachidziwa kuyambira ali mwana. Anadumpha n'kuyamba kukolola makhadi pa chingwe ndi manja onse awiri. Inki inali isanaumitse. Siliva anamumata m'zala, pachipumi, pa bulauzi. Chingwe china chinaduka, makhadi n'kumwazika mpaka pakhomo, ndipo limodzi linakagwera pa nsapato ya mwini maliro.

Mkuluyo anali ataonda, jekete likulendewera ngati lobwereka. Anayang'ana mlongo wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, wonenepa bwinobwino, wopanda ngakhale chimfine. Kenaka anapempha mkazi wawo kuti awatolere khadilo, poti iwo kuwerama sakanatha. Analitalikitsa ndi maso, n'kuwerenga mokweza, liwu ndi liwu, mpaka pa kampata ka tsiku.

Alamu aja anayamba. Anati iwo agona pa simenti ya chipatala mpaka nthiti kuwawa, akutawasa munthu ndi kumutembenuza, pamene ena ali pa mpando kukongoletsa imfa yake ndi nkhunda. Anati ngakhale wokhoma mabokosi amadikira kuti amuitane. Akanapitiriza, koma amuna awo anakweza dzanja.

"Wasema bwino sowo," anatero. "Mano ake onse alipo."

Nachidindo anayamba kufotokoza za inki yasiliva, kuti imachedwa kuuma, kuti iye sankafuna kuti achimwene ake adzachite manyazi. Mawuwo atatuluka, iye yemwe anawamva mmene akumvekera, ndipo anatseka pakamwa.

Mkuluyo anakoka mpando, n'kukhala pa tebulo limene anakhoma okha, n'kuitanitsa sizasi. Mzere anaudula woongoka ngati ajambula ndi pensulo. Khadi lililonse ankalidula mzere wapansi uja wa "Usani mumtendere," n'kuuika kumanzere, khadi lotsala n'kuliika kumanja. Podula ankatchula anthu. Ili la mayi wogulitsa makala, amene ankabwera ndi madzi otentha m'fulasiki. Ili la telala. Ili la mkulu uja anakangana naye chaka chatha pa nkhani ya chitseko chopotoka, koma anabwera kawiri n'kudzawameta ndevu. Awa a anyamata a kushedi ya matabwa. Ili la namwino wolongolola. Limodzi anapereka pomwepo kwa woyendetsa galimoto ya buledi, ndi manja awiri.

"Alamu, landirani. Mapepala abwino ngati awa asawonongeke."

Nachidindo anaima pambali, siliva ali mbuu kumaso, akudikira. Mulu wa kumanja unatha kugawidwa, otsala mkuluyo anawaika m'thumba la jekete. Apo m'pamene iye analankhula, ndi mawu aang'ono ngati a kamwana kaja kanadinda khoma.

"Achimwene, nanga ine?"

"Apa palembedwa kuti munabwera. Ine pepala lonama sindipereka." Anakankhira kwa iye timizere tija ta kumanzere. "Zako ndi izi. Sunga bwino, zisanyowe. Tsiku udzalembapo wekha, poti iwe chinthu sichikudzidzimutsa."

Anadzuka ndi ndodo yawo, mkazi wawo atawagwira pamkono, n'kutuluka. Sanakalipe, ndipo chitseko anachitseka bwinobwino, atayamba achiyesa kawiri kuti aone ngati mahinjesi akadali olimba.

Makhadi aja anafikadi kwa eni ake. Telala analikhoma pamwamba pa makina ake, ndipo aliyense wofunsa chifukwa chake ndi lalifupi kunsi amamufotokozera nkhani yonse, ndi zowonjezera. Oda sizinathe ayi. Anthu amakwatirabe, ana amabadwabe, ndipo maluwa a Nachidindo ndi okongolabe. Kungoti wodwala aliyense mumsewumo, achibale akabwera kudzamuona, amayamba wafunsa ngati kuseri kuja kwayanikidwa zakuda.

Achimwene ake ali moyo, anabwereranso ku matabwa, ngakhale tsopano amangoloza ndi ndodo anyamata n'kumapala. Munthu akawafunsa za mlongo wawo amati, "Uja wa makhadi? Ndimamva kuti ali bwino." Mawu amenewa anamufika Nachidindo, ndipo anamupweteka kuposa chipongwe chonse cha alamu ake. Anakhala masiku osadinda kanthu. Kenaka anatenga kampeni n'kusema chidindo china chatsopano, cha mawu akuti "Pepani," chozunguliridwa ndi timasamba. Anadinda pa pepala loyera lokhuthala, n'kumanga riboni, n'kudikira kuti liume, n'kupatsa mwamuna wake kuti akasiye podutsa.

Bamboyo analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulibwezera pa tebulo.

"Galimoto yanga ndi ya buledi," anatero.

Kwa achimwene akewo si kutali. Munthu woyenda pansi amadutsa msika, n'kuwoloka msewu waukulu, n'kumva kale kulira kwa sowo. Khadilo lili pa shelefu, pakati pa nkhunda ndi mabelu, ndipo Nachidindo amalipukuta fumbi Loweruka lililonse. Akuti akudikira kuti apeze envulopu yoyenera.