Chilolezo cha a Ilona

A Laszlo, lero chakwana chaka chimwalirireni, koma mutu wanga sunakhazikikebe. Zaka zitatu ndinakusamalirani m'nyumba mwanu mumzinda wa Springfield, kunja kuno, ndipo chimene chikundibwerera ndi tsiku lija ndinkakumetani ndevu kukhitchini. Adokotala anali atanena kuti masiku anu atsala ochepa. Munandifunsa ngati alongo anu a Ilona afunika viza kuti abwere kuchokera ku Hungary kwa sabata ziwiri zokha. Ine ndinaseka, ndimvekere, "Aaa bambo, viza ndi yathu ife amene timapsa ndi dzuwa pamzere ku Lilongwe. Azungu mumangonyamula pasipoti basi!" Munaseka mpaka thovu la sopo kulowa m'kamwa, mumvekere, "Grace amadziwa zonse." Simunafunsenso wina aliyense.

Viza sinkafunikadi, koma panali chilolezo china chopempha pa intaneti, ESTA, chimene ine ndinali ndisanamvepo. A Ilona anawabweza pabwalo la ndege ku Budapest. Anadzafika kuno patapita masiku atatu, inu mutatisiya dzulo lake. Mpaka pano sindimvetsa. Akuti si viza, koma popanda icho sukwera ndege, ndiye n'chiyani? Abusa akuti tsiku lanu Mulungu analilemba kalekale. Ndikuvomera, komatu pakamwa paja panali panga. A Ilona amadziimba mlandu okha poti sadziwa kuti ndine ndinakusocheretsani, ndipo pamaliro anandikumbatira n'kundithokoza. Ndalemba izi m'Chichewa dala poti iwo sangamve, Ambuye andikhululukire. M'mawa uno a Ilona andiimbira kawiri, ine foni ndangoiyang'ana. Bambo, ndiwauze kodi?