Thumba Limene a Damiano Anakhuthula

Matumba 180 a mbatatesi anali m'nyumba za mabanja khumi ndi awiri a kalabu yathu ku Bembeke, ndipo zina zinali zitayamba kumera. Pakanapita masabata atatu ena, tikanangozipereka kwa mavenda a pamsewu pa mtengo uliwonse umene akanatchula. Ine ndine Nomsa, ndimasakira kalabuyi misika. Ndinapeza kampani ina ya ku Lilongwe yopanga tchipisi cha m'mapaketi, ndipo inavomera kutumiza munthu kuti adzatimve.

Mu kalabumu muli a Damiano Zikhalo, a zaka 64. Unyamata wawo wonse anathera ku maesiteti a ku Kasungu, kusankha fodya tsamba ndi tsamba. Atabwerera kumudzi anayamba kulima dimba ndi akazi awo a Bernadetta, amene anatisiya chaka chatha. Chichitikire maliro aja sayankhula zambiri. Pamsonkhano amakhala kumbuyo, chipewa chili pabondo.

Ndinakonzekera masiku anayi. Ndinalemba mapepala akuluakulu asanu: maekala athu, matumba pa ekala, mtunda wa ku Lilongwe, miyezi yokolola. Thumba lachitsanzo ndinakatenga kwa a Damiano, kenako ndinalipakiranso ndekha monga timachitira pamsewu: zikuluzikulu pamwamba, zing'onozing'ono pansi. Sindinaone ngati chinyengo. Ndinakula ndikuona amayi akudzaza ndowa choncho.

Amene anabwera anali Mayi Victoria, oyang'anira zogula pakampanipo. Ndinayankhula osapunthwa, nambala iliyonse ili pamalo pake. Iwo anamvetsera, kenako anayang'ana thumba lija.

"Masamu mumawatha, achemwali," anatero. "Koma ku Bembeke kuno ndinagulako kale. Pamwamba mbatatesi, pansi mazira a nkhunda."

Palibe anaseka. Mayiwo anayamba kutseka chikwama chawo.

Apo a Damiano anadzuka. Anapita kutsogolo pang'onopang'ono, anagwira thumba kumatako ndi kulikhuthulira pasimenti. Timbatatesi tonse ndinabisa tija tinagubuduzika mpaka pa nsapato za mlendo. A Damiano anayang'ana muluwo, kenako anayang'ana ine. Manyazi anandigwira, pepala lili m'manja.

"Mwanawe, siya chipepalacho. Bwera uwerenge."

Anagwada n'kuyamba kusankha ndi manja awiri, osayang'ana kawiri, monga ankachitira ndi fodya. Panatuluka milu itatu. Ndinawerenga mokweza: zikuluzikulu 290, zing'onozing'ono 96, zotemedwa ndi khasu 26.

"Pa khumi zilizonse, zabwino ndi zingati?" anandifunsa.

"Zisanu ndi ziwiri, agogo."

Anatembenukira kwa mlendo. "Amayi, munda wanga umabereka chonchi, ndipo minda ya anzangawa siyosiyana. Ting'onoting'onoti ndi tathu, mbewu ndi chakudya cha ana. Inu gulani mulu uwu wokha. Tsiku lonyamula, lozani thumba lililonse limene mukufuna, tilikhuthule pamaso panu. Mukapezamo dzira la nkhunda, mutisiyire katundu yense."

Mayi Victoria anatola mbatatesi imodzi pa mulu waukulu, anaikanda ndi chikhadabo.

"Nanga bwanji simunayambe ndi zimenezi, bambo?"

"Mwanayu anavutika kulemba. Ndinati amalize kaye."

Mayi Victoria anavomera kuyamba ndi matumba 60, galimoto idzabwera Lachisanu. Akakhutira, adzatenganso otsala. Ndinawerengera mumtima: tikasankha onse 180, abwino atuluka pafupifupi 126. Ndiye kuti ena 66 akudikira zimene zidzatuluke m'matumba a Lachisanuwo.

Pobwerera kumudzi ndinakankha njinga pambali pa a Damiano, ndikudikira kuti andikalipira. Sanatero. Titafika pa mphambano ya kumanda anaima, anavula chipewa.

"Ku fodya, belo limodzi lobisa masamba oipa pakati linkaipitsa dzina la esiteti yonse," anatero. "Malemu akazi anga aja ankandiseka kuti ndidzafa wosauka chifukwa chosankha. Koma ankagwada nane."

Anavala chipewa, anatsikira kudimba kwawo.

Mapepala anga asanu aja ndawatembenuza. Kuseri kwake ndalemba mayina a mabanja khumi ndi awiri ndi tsiku la banja lililonse. Mawa m'mawa ine ndi a Damiano tiyambira kwa a Ezara, banja loyamba pa mndandandawo, kukhuthula ndi kusankha, khomo ndi khomo, mpaka matumba 60 akwane pofika Lachinayi.