Masana Amene Masipika Adakhala Chete

Masipika aja adali awiri, a matabwa, olemera ngati mwana wa chaka, nsalu yakutsogolo itafiira ndi fumbi. Apongozi anga aamuna adachita kupatsidwa ndi mphunzitsi wina ku Mtunthama, komwe ankasamalira maluwa. Amuna anga adawakhomera thabwa m'chigafa, n'kuwalumikiza ku wailesi ndi batire ya sola. Sankakuwa ngati a pagolosale ayi. Mawu ake ankatuluka ofewa, ofunda, ngati munthu akuimbira mumtsuko, n'kumayenda m'munsi mwa fodya wopachikidwa.

Miyezi yomaliza ya pakati ndidakhalira pomwepo, kusoka fodya, makwaya akuimba kuyambira m'mawa. Mwana atabadwa, wamkazi, adatentha thupi ali ndi masabata atatu. Adachira. Koma mayi wina pamjigo adati kutentha kotero kumatseka makutu, ndipo ine tulo tidandithawa.

Ndinkamuyesa mobisa. Kuwomba m'manja kumbuyo kwake, kugwetsa mbale, kumuitana, kumuitananso. Akaphethira ndinkati waona dzanja langa. Akapanda kuphethira mtima unkangoti phaa. Ndikamuyandikiza ku masipika, iye maso ali pa masamba basi, kuwayang'ana akugwedera.

"Amake mwana, msiyeni. Ndi wofatsa ngati ine," ankatero bambo ake.

"Inuyo wofatsa? Akudziwa ndi anzanu a pabawo."

Ankaseka, koma ndinkawaona nawonso akumuimbira likhweru chakumbali, poganiza kuti sindikuona.

Nthawi yosankha fodya kudachita mitambo masiku atatu, dzuwa osatuluka, batire osadya moto. Masana a tsiku lachitatu ine ndi bambo ake tidali pamkeka tikumanga fodya m'mapindi, mwana ali gone kumsana, fungo la fodya likundiledzeretsa, kwaya ikumveka ngati ili kutsidya kwa dambo. Nyimbo idafooka, idafooka, kenaka zii, pakati pa vesi.

Kumsana kwanga kudagwedezeka. Kamutu kadadzuka. Ndidamasula nsalu, ndipo ndidamuona akutembenuza khosi, kufunafuna, mpaka maso adakaima pa thabwa lija. Adapinda mlomo, n'kuyamba kulira mokwiya ngati walandidwa bere.

Kani ankamva nthawi yonseyi. Nyimbo zija adazizolowera ali m'mimba, kwa iye zidali ngati mpweya. Chachilendo chidali chete.

Bambo ake adatola vesi pomwe idadukira, ndi mawu awo oipa aja. Mwana adasiya kulira, n'kutembenukira kwa iwo.

Ine ndidangokhala pansi, pindi la fodya lili m'manja, osalimanga.